Mmene mungapezere chilolezo cha inshuwalansi choti muyezedwe mitsempha ndi minofu

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kliniki ina kumene adokotala amaona anthu ovutika ndi mitsempha, ndipo nthawi yanga yambiri imathera pa mafomu opempha makampani a inshuwalansi kuti avomere kulipira zoyeza ziwiri, NCS ndi EMG. Ine si dokotala. Zimene ndikudziwa ndaziphunzira pa mapepala odutsa m'manja mwanga, ena obwera atavomerezedwa, ena obwezedwa. Munthu amene aweruze pempho lanu ku inshuwalansi sadzaliona dzanja lanu. Sadzakuonani mukudzuka pakati pa usiku n'kumalikutumula kuti dzanzi lichoke. Iye amangoona pepala basi, ndipo zimene sizinalembedwe papepalapo kwa iye kulibe. Choncho ntchito yonse yagona pa kuonetsetsa kuti pepalalo likunena vuto lanu momwe liliri.

Yambani mwadziwa chimene mukupempha. Mitsempha imene tikukamba pano si ya magazi ayi, ndi ija yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo ndi msana kupita ku manja, miyendo ndi minofu. Poyeza NCS amamata timawaya pakhungu, kenako amatumiza kamphamvu kochepa ka magetsi pa mtsempha, ndipo makina amaona liwiro ndi kukula kwa uthengawo. Mwa munthu wamkulu wabwinobwino, uthenga umathamanga mamita opitirira 50 pa sekondi m'mikono ndi opitirira 40 m'miyendo. Ukachedwa pamalo amodzi, pamenepo mtsempha wapanikizika kapena wawonongeka. EMG ndi ina: adokotala amalowetsa kasingano kopyapyala mu mnofu, opanda mankhwala aliwonse, n'kumaona pa sikirini ndi kumvetsera phokoso la mnofuwo ukapuma ndiponso mukaukunga. Mnofu wabwino ukapuma umakhala chete. Umene mtsempha wake wavulala umathetheka wokha ngakhale inu mutangogona phee.

Nthawi zambiri ziwirizi zimachitika tsiku limodzi m'chipinda chimodzi, ndiye odwala amaziona ngati chinthu chimodzi. Ku inshuwalansi si chimodzi. Chilichonse chili ndi khodi yake ndi bilu yake. Ku America, mwachitsanzo, NCS imalembedwa ndi makhodi a CPT, manambala olembera ntchito zachipatala pa bilu, kuyambira 95907 mpaka 95913 malinga ndi kuchuluka kwa zoyezedwa, ndipo EMG yochitika pamodzi nayo imalembedwa ndi 95885 kapena 95886 pa mkono kapena mwendo uliwonse. Mayiko ena ali ndi makhodi awo, koma nkhani yake ndi yomweyo. Chilolezo chikatchula chimodzi chokha, chinacho chikhoza kudzakugwerani nokha.

Musanasungitse tsiku, imbani kaye

Tengani khadi lanu la inshuwalansi, imbani nambala ili pamenepo, muli ndi cholembera m'manja. Funsani ngati NCS ndi EMG zimafuna chilolezo zisanachitike, ndipo muzitchule zonse ziwiri. Mapulani ena safuna chilolezo konse, ndiye musadzivutitse pachabe. Ngati amafuna, funsani kuti wopempha ayenera kukhala ndani, dokotala wanu wa masiku onse kapena katswiri, ndiponso ngati pakufunika kalata yokutumizani kwa katswiriyo. Funsani zipatala ndi madokotala amene iwo anagwirizana nawo. Apa pali msampha: chipatala chikhoza kukhala pa mndandanda wawo koma dokotala wogwira makinawo mulibe, ndiye funsani za onse awiri. Funsaninso gawo limene mulipire nokha, komanso ngati pali nthawi yodikira kwa amene angolowa kumene kapena pa matenda amene munali nawo musanalowe.

Lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya refelensi ya foniyo. Akakuuzani kuti chilolezo sichikufunika, nambala imeneyo ndiye umboni wanu tsiku limene bilu idzakanidwe.

Ngati vutolo linayamba ndi ngozi ya pantchito kapena ya pamsewu, nenani pomwepo. Inshuwalansi ya zaumoyo kawirikawiri imati olipira ndi a chipukuta misozi cha pantchito kapena inshuwalansi ya galimoto, ndipo ndi bwino kumva zimenezi msanga kusiyana ndi kudzamva mutayezedwa kale.

Nkhani imene mukauze adokotala

Apa ndipo pamene ndimafuna anthu achedwepo, chifukwa mapempho ambiri obwezedwa amakhala atafooka kuyambira pano. Wodwala amalowa, amati dzanja likuwawa, adokotala ali ndi mzere wa anthu panja, amalemba mawu awiri atatu, fomu n'kupita. Woweruza uja akawerenga kuti dzanja likuwawa, amadzifunsa kuti nanga kuyeza mitsempha kwabwera bwanji. Dzanja limawawa ndi nyamakazi, limawawa ndi kubinya, ndipo zonsezo NCS siziona.

Choncho musanapite, khalani pansi mulembe pakapepala. Dzanzi lili pati penipeni? Musangoti m'dzanja, tchulani zala. Chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chovala mphete zimayendetsedwa ndi mtsempha wotchedwa median, umene umapanikizika pamfundo ya dzanja pa vuto la carpal tunnel. Kachala kakang'ono ndi theka linalo la chovala mphete ndi za mtsempha wa ulnar, umene kawirikawiri umapanikizika pachigongono. Ululu wotsika kuchokera m'khosi, kudutsa paphewa mpaka ku zala, umaloza ku mizu ya mitsempha ya m'khosi. Dzanzi loyambira ku zala za kumapazi mbali zonse ziwiri n'kumakwera pang'onopang'ono ndi nkhani inanso. Mukatchula malo molondola, adokotala amalemba funso lomveka, ndipo funso lomveka ndi limene limavomerezedwa.

Lembani kuti zinayamba liti, mwezi ndi chaka, ndiponso ngati zikukula. Lembani nthawi imene zimakula: usiku, mukagwira foni nthawi yaitali, mukamayendetsa galimoto. Kenako lembani zimene zayamba kukukanikani, ndipo pamenepa musachite manyazi. Kumanga mabatani, kupotokola kiyi pachitseko, kapu kupulumuka m'manja, silipasi kuvuka osamva, phazi kukhulika pansi n'kumapunthwa pa masitepe. Anthu ambiri amachepetsa mavuto awo pamaso pa dokotala kuti aoneke opirira, ndipo kupirira kumeneko kukalowa mu faelo kumaoneka ngati vuto laling'ono.

Bambo wina amene ntchito yake ndi yosoka anabwezeredwa pempho chifukwa fomu yochokera kumene anayamba kuonedwa inangoti dzanja lamanja likuwawa. Atabwera ku ofesi kwathu kudzafunsa, anaika manja onse awiri patebulo langa. Pansi pa chala chachikulu cha kumanja, pamene pamakhala mnofu wotumphuka, panali pataphwa poyerekeza ndi kumanzere. Anandiuza kuti singano sakuimvanso pakati pa zala, amachita kuyang'ana kuti adziwe kuti waigwira, ndipo wakhala akugona atavala chomangira dzanja miyezi ingapo popanda kusintha. Zonsezi munalibe mu fomu. Adokotala athu atamuyeza n'kulemba zimene anapeza, pempho linapitanso ndipo linavomerezedwa. Matenda anali omwewo, munthu yemweyo. Chinasintha ndi zolembedwa.

Zimene munayesa kale n'zofunika kwambiri. Pa mavuto osathamangira monga carpal tunnel yongoyamba kapena ululu wa msana wotsikira kumwendo, makampani ambiri amafuna kuona kuti njira zosavuta zinayesedwa kaye kwa milungu ingapo: chomangira dzanja usiku, fizo, mankhwala, nthawi zina jakisoni. Kungonena kuti ndinayesa sikokwanira. Nenani kuti chiyani, kuyambira liti mpaka liti, ndipo zinatha bwanji. Ngati muli ndi khadi la ku fizo kapena mapepala a mankhwala, tengani. Kutalika kwa nthawi imene amafuna kumasiyana kampani ndi kampani, ndiye lifunseni funsoli pa foni ija yoyamba.

Tchulaninso matenda ena ndi mankhwala onse amene mukumwa. Shuga ndi imodzi mwa nthenda zimene zimawononga mitsempha ya kumapazi kwambiri. Chithokomiro chofooka ndi kukhala ndi pakati zimabweretsa carpal tunnel. Kuchepa kwa vitamini B12, kumene mankhwala a shuga a metformin amatha kuyambitsa akamwedwa zaka zambiri, mowa wambiri, isoniazid wa TB, ndi mankhwala ena a khansa, zonsezi zimakhudza mitsempha. Ngati munayezetsa magazi monga HbA1c ya shuga, B12 kapena TSH ya chithokomiro, kapena munajambulidwa MRI, zotsatira zake zipite limodzi ndi pempho.

Zimene ndimayang'ana fomu isanatuluke

Mbali imeneyi ndi ya adokotala ndi ofesi yawo, koma muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti mwalembedwa chiyani. Ndimayang'ana ngati muli zimene adokotala anapeza atakuyezani ndi manja awo: mphamvu ya minofu pa mlingo wa 0 mpaka 5, mmene bondo kapena chigongono chinayankhira atachigogoda ndi kahamala, malo amene khungu silikumva, kuphwa kwa mnofu, ndi zoyeza za Tinel ndi Phalen, zogogoda pa mtsempha ndi kupinda mfundo ya dzanja, ngati akuganizira carpal tunnel. Ndimayang'ana khodi ya matenda ya ICD-10, mndandanda umene umapatsa nthenda iliyonse nambala yake. G56.0 ndi carpal tunnel, G56.2 ndi mtsempha wa ulnar, M54.1 ndi mizu ya mitsempha ya msana, G62.9 ndi kuwonongeka kwa mitsempha yambiri kumene gwero lake silinadziwike. Khodi yongonena chizindikiro, monga R20.2 ya kunyerenyetsa kwa khungu, si yolakwika pamene matenda sanadziwike, koma ikakhala yokha popanda kufotokoza imakhala yofooka. Ndimayang'ananso mbali, kumanja, kumanzere kapena konse, ndi kuchuluka kwa mikono kapena miyendo yoti iyezedwe.

Musapemphe adokotala kuti alembe matenda amene mulibe pofuna kuti pempho lidutse. Ndi chinyengo, ndipo khodi imeneyo imakhala mu faelo yanu n'kumakutsatani kulikonse.

Chiganizo chimene ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse ndi chonena chimene chidzasinthe zotsatira zikatuluka. Inshuwalansi safuna kulipira kuyeza kongofuna kudziwa. Kalata yabwino imanena zinthu monga izi: dzanzi lakhala miyezi isanu ndi umodzi, chomangira sichinathandize, mnofu wa chala chachikulu wafooka, ndipo kuyezaku kusiyanitsa ngati vuto lili pamfundo ya dzanja kapena m'khosi, kuti tidziwe ngati opaleshoni ikufunika ndiponso pamalo ati. Kalata yotere imayankhiratu funso la woweruza asanalifunse. Mukaona kuti m'kalata yanu mulibe mawu otere, funsani adokotala kuti, kodi zotsatirazi zikatithandiza kusankha chiyani? Yankho lawo ndi limene liyenera kulembedwa.

Za nthawi

Mtsempha ukavulala, zizindikiro zake siziyamba kuoneka pa makina tsiku lomwelo. Mbali ya mtsempha imene yaduka imafota pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kuthetheka kwa mnofu kuja kumayamba kuoneka bwino pa EMG pakapita milungu iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake adokotala angakuuzeni kuti mudikire pafupifupi milungu itatu chivulalire. Sakukunyalanyazani. Kuyeza msanga kungaonetse ngati zonse zili bwino, ndipo chilolezo chobwerezanso kuyeza chimavuta kuposa choyamba.

Komanso chilolezo chimakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Akatswiri oyeza zimenezi ndi ochepa m'malo ambiri ndipo mzere umatalika, ndiye tsiku limene mwapatsidwa likhoza kugwera kunja kwa nthawiyo. Yerekezani masiku awiriwa chilolezo chikangofika. Ngati sakugwirizana, pemphani kuti atalikitse chisanathe, chifukwa chikatha ena amafuna kuti muyambirenso. Uzaninso a ku kliniki kuti akuimbireni wina akalephera kubwera.

Pali zina zosafunika kudikira kalata ya wina aliyense. Kufooka kumene kukukwera kuchokera kumapazi m'masiku ochepa, kuvutika kupuma kapena kumeza, dzanzi la pakati pa miyendo pamodzi ndi kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kapena nkhope ndi mkono kufooka mwadzidzidzi mbali imodzi: pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Matenda monga Guillain-Barré amatha kufika ku minofu yopumira. Za mapepala zidzakonzedwa muli pabedi. Pa zina zofulumirirapo koma zosafika pamenepo, adokotala akhoza kulemba kuti pempho liunikidwe mwachangu, ndipo makampani ambiri ali nayo njira imeneyi.

Pempho likatumizidwa, funsani tsiku limene lapita, ndipo pakapita masiku angapo imbani ku inshuwalansi mumve ngati analandira masamba onse. Mapempho ena sakhala kuti akanidwa, amangokhala penapake kudikira tsamba limodzi limene palibe anauzidwa kuti likusowa.

Chilolezo chikabwera, chiwerengeni mzere ndi mzere: dzina ndi nambala yanu, zoyeza zonse ziwiri, mbali ya thupi, chipatala, dokotala, masiku. Jambulani ndi foni ndipo tengani kope patsikulo. Dziwaninso kuti chilolezo si lonjezo loti alipira zivute zitani. Ngati ndalama za mwezi ndi mwezi zadumpha, kapena mwasintha pulani kapena ntchito pakatipa, akhoza kukana bilu ngakhale anavomera.

Akakana

Musataye mtima, ndipo musathamangire kulipira nokha musanamve chifukwa. Pemphani kalata yokanira yolembedwa, ndi ndondomeko imene agwiritsa ntchito poweruza. Zifukwa zake sizichuluka. Ngati ndi khodi yolakwika kapena tsamba losowa, ofesi ya adokotala imakonza n'kutumizanso. Ngati ndi dokotala kapena chipatala chimene sanagwirizane nacho, sinthani malo, kapena ngati kulibe wina pafupi amene amayeza zimenezi, pemphani kuti akuloleni mwapadera. Ngati anena kuti kuyezaku sikofunikira pa matenda anu, pemphani adokotala anu alankhule ndi dokotala wa ku inshuwalansiko, zimene amazitcha peer-to-peer. Madokotala awiri akakambirana pa foni, nkhani imene inasokonekera papepala nthawi zambiri imamveka. Mwayi umenewu umakhala wa masiku ochepa, ndiye uzani ofesi tsiku lomwe mwamva.

Zikakanika, chitani apilo yolemba. Tsiku lomaliza limalembedwa m'kalata yokanira. Ku America malamulo amapereka masiku 180 pa mapulani ambiri, ndipo akakananso pali mwayi woti anthu ena oima paokha aunikenso. Kwina nthawi imakhala yosiyana, choncho tsatirani zimene zili m'kalata yanu, ndipo fufuzani bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko lanu ngati apilo ya mkati yalephera.

Polemba apilo, ndikudziwa kuti mtima umakhala utapsa, ndipo m'pomveka. Koma kalata yodzaza ndi madandaulo siisuntha woweruza. Yankhani chifukwa chenicheni chimene apereka. Akati simunayese njira zosavuta, ikani masiku ndi mapepala a fizo. Akati palibe umboni wa kufooka, adokotala akuyezeninso alembe manambala. Ngati zinthu zakula chitumizireni pempho loyamba, nenani. Adokotala akhozanso kutchula malangizo a AANEM, bungwe la ku America la akatswiri a matenda a mitsempha ndi minofu, limene linalemba za nthawi imene kuyezaku kuli koyenera ndi kuchuluka kwa zoyeza pa matenda osiyanasiyana. Sungani kope ya chilichonse, ndi umboni wa tsiku limene mwatumiza.

Tsiku loyezedwa ndi pambuyo pake

Mwachivutikira chilolezochi, ndiye musachiwononge. Sambani koma musadzole mafuta pa mikono ndi miyendo, chifukwa timawaya sitimata bwino. Valani zomasuka. Fikani manja ndi mapazi ali ofunda, popeza mtsempha wozizira umachedwetsa uthenga n'kuoneka ngati wodwala, ndipo oyeza amafuna khungu la dzanja lifunde kufika pa madigiri pafupifupi 32. Nenani musanayambe ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena muli ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Ngati akufufuza myasthenia gravis, matenda ofoola minofu, ndipo mumamwa mankhwala ake a pyridostigmine, funsiranitu adokotala chochita, musasiye panokha. Magetsiwo amadzidzimutsa ndipo kasinganoko kamabaya, koma anthu ambiri amapirira, ndipo zonse zimatenga pakati pa mphindi 30 ndi 90.

Nthawi zina woyeza amapeza chinthu chimene chikufuna kuti ayang'anenso mkono winawo kapena mwendo. Funsani ngati zowonjezerazo zili m'chilolezo, ndipo ngati mulibe, ofesi idziwitse inshuwalansi tsiku lomwelo ndi chifukwa chake cholembedwa mu lipoti.

Pemphani lipoti lonse, la manambala ndi matebulo, osati chiganizo chomaliza chokha. Ngati padzafunike opaleshoni, MRI kapena mankhwala ena ofuna chilolezo, lipoti limeneli ndi limene lidzafunsidwe. Likatuluka lopanda vuto sizikutanthauza kuti mumanama. NCS imaona mitsempha ikuluikulu yokha, ndipo kuwonongeka kwa timitsempha ting'onoting'ono tonyamula ululu ndi kutentha sikuonekamo, choncho bwererani kwa adokotala mukakambirane chotsatira. Bilu ndi kalata ya inshuwalansi yofotokoza zimene alipira zikafika, ziikeni pambali pa chilolezo muyerekeze makhodi ndi masiku. Mukaona kuti nambala ya chilolezo sinalembedwe pa bilu, imbani ku ofesi ya maakaunti ya chipatala kuti aiike n'kutumizanso musanalipire kalikonse.